Mkamwana Amene Anaona Chiwindi Changa

Chinayamba ndi phewa lakumanja. Munali mu Meyi chaka chatha, tikukolola chimanga kwathu ku Wenya, ndipo ndinkati ndi matumba amene ndinkakweza m'ngolo. Munthu ukapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi sudabwa pena pakamawawa. Ndinagula mapilitsi opha ululu pagolosale, n'kumwa, n'kubwerera kumunda. Sabata isanathe thupi linayamba kutentha madzulo aliwonse. Ndikagona thukuta linkanyowetsa bulangete, chonsecho kwathu kuno nyengo imeneyo kumazizira mpaka mano kugundana.

Mayi akunyumba, Nyamtambo, anandikakamiza kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Ananditenga magazi pachala, malungo osapezeka. Adokotala anandifunsa ngati ndinatsegulapo m'mimba miyezi yapitayo, ine n'kukana. Zoona zake n'zakuti nthawi ya mvula ndinadwalapo kamwazi, koma kanasiya kokha, ndipo sindinaone chifukwa chofotokozera za kuchimbudzi kwa mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anandipatsa mankhwala a masiku angapo, nati ndikapanda kupeza bwino ndibwerenso. Sindinapeze bwino, komanso sindinabwerereko.

Mu Juni ululu unatsika kuchoka paphewa n'kukakhazikika pansi pa nthiti, mbali yomweyo yakumanja. Kugonera mbali imeneyo kunakanika. Ndikakoka mpweya wambiri zinkakhala ngati wina wandibaya ndi msomali. Chakudya ndinkangochiyang'ana. Lamba ndinamubowola ndi mpeni, buluku n'kumagwabe. Kutchalitchi ndinkapita, koma poimba ndinkangoyendetsa milomo. Anthu akandifunsa ndinkati ndi kutopa kwa zokolola.

Pano ndiyenera kufotokoza za mkamwana wanga, chifukwa popanda iye nkhaniyi ikanakhala mbiri yowerengedwa pamaliro. Kwathu mkazi wa mwana wako wamwamuna timati mkamwana. Mwana wanga Wongani, amene amaphunzitsa kusekondale ku Blantyre, anakwatira Nyakayira, mwana wa kwathu konkuno, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Nyakayira ndi dokotala. Koma mwambo wathu sufunsa za mapepala a sukulu. Mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sawatchula dzina, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Akafuna kundiuza kanthu amauza Nyamtambo, Nyamtambo n'kundiuza ine, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi ndipo mawuwo ndawamva kale. Mabanja ena anazisiya zimenezi. Ife sitinasiye, ndipo iyeyo, ndi kuphunzira konseko, sanalakwitsepo. Akabwera patchuthi ankamanga chitenje, n'kugwada kutali, nkhope atatembenuzira kumbali. Ndinkamunyadira kwambiri mwana ameneyu, koma ndinalibe njira yomuuzira.

Atagwira ntchito zaka zingapo anabwereranso kusukulu, pachipatala chachikulu chophunzitsira madokotala ku Blantyre, kukaphunzira ukatswiri wojambula za m'kati mwa thupi ndi kuwerenga zithunzizo. Akuti kale wofuna maphunziro amenewa ankayenera kutuluka kunja kwa dziko. Abale ena anang'ung'udza kuti mkazi wapabanja, dokotala kale, akufunanso chiyani. Ine ndinawaletsa, ndinati musiyeni mwana aphunzire. Koma mumtima nanenso sindinkamvetsa. Dokotala amene ndinkamudziwa ine ndi wobaya jakisoni ndi wong'amba. Uyu wongokhala m'chipinda chamdima n'kumayang'ana zithunzi, ndinkaseka naye kwa Nyamtambo kuti tapeza wotijambula paukwati.

Lamlungu lililonse ankaimbira foni apongozi ake aakazi, ndipo sankalephera kufunsa kuti adada ali bwanji. Nyamtambo anafuna kumuuza zonse. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Mkamwana amve za thukuta langa, za mimba yanga, za zimene ndimaona kuchimbudzi? Ndinati m'nyumba mwanga zimenezo ayi. Choncho mwezi wonse wa Juni dokotala wa m'banja mwathu ankauzidwa kuti adada ali ndi chimfine. Iye anati chimfine chotenga nthawi chonchi si chimfine, apite akayezedwe. Uthengawo unandipeza, ndinaumva, n'kuuponya kunkhongo.

Kumayambiriro kwa Julayi ndinagwa ndikutsegulira ng'ombe m'khola. Ananditengera kuchipatala chathu chija pangolo, ndipo tsiku lomwelo ambulansi inandipititsa ku Boma, ku Chitipa. Msewu umenewo amene anaudutsapo akuudziwa. Bampu iliyonse ndinkaimva m'chiwindi, ngakhale nthawiyo sindinkadziwa kuti ndi chiwindi. Anandigoneka kuwodi ya amuna, anandiika dilipu, natenganso magazi. M'mawa mwake anesi anandiuza kuti ndisadye kanthu chifukwa ndikupita kusikani. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, ine pakati pa amayi oyembekezera, mwamuna ndekha, ndi imvi zangazi. Mmodzi anandifunsa kuti yanga ndi ya miyezi ingati. Ndinaseka, koma kuseka kunkapweteka.

Amene ankajambula anali dokotala wachinyamata wodekha, wochokera kummwera, amene anandilonjera m'Chitumbuka chothyokathyoka. Anandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsa kachipangizo kake pansi pa nthiti, maso ali pakanema. Anakhalitsa pamalo amodzi. Kenako anati, "Bambo, pachiwindi panu pali chotupa chachikulu. Ndikuchiona bwinobwino, koma kuti ndinene ngati ndi khansa kapena thumba la mafinya, ndingakunamizeni. Pakufunika maso a akatswiri."

Mawu akuti mafinya sindinawamve n'komwe. Ndinamva khansa basi. Mkulu wanga anamwalira ndi chotupa cha pachiwindi, mimba itatupa, maso ali chikasu, ndipo ndinamusamalira mpaka tsiku lomaliza. Ndinauza Nyamtambo kuti amange katundu, ndikafere kwathu pamphasa yanga. Iwo anatuluka panja ndi foni, ndipo pobwerera anali ndi dokotala uja. Dokotalayo anandifunsa ngati ndingalole kuti zithunzi zanga zitumizidwe ku Blantyre. Ndinafunsa kuti kwa yani. Nyamtambo anandiyang'ana m'maso nati, "Kwa mwana wanu, Nyakayira." Ndinatembenukira kukhoma. Iwo anauza dokotalayo kuti abambo avomera, ndipo sindinawatsutse.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake kwa Wongani. Pamaphunziro awo, m'mawa uliwonse madokotala ophunzirawo amakhala pamodzi ndi aphunzitsi awo n'kumaika zithunzi zovuta pakanema. Wophunzira ndiye amayamba kunena zimene akuona, anzake n'kumutsutsa, mphunzitsi n'kulankhula pomaliza. Nyakayira anaika zanga osanena kuti ndi za yani, poopa kuti mwina akuona zimene mtima wake ukufuna. Ananena kuti chikuoneka ngati thumba la mafinya, chifukwa m'kati mwake munali zamadzimadzi ndipo chiwindi chotsalacho chinali chosalala. Anamupanikiza ndi mafunso. Mphunzitsi wawo, mayi wachikulire amene akuti sayamikira munthu chisawawa, anagwirizana naye, nafunsa kuti wodwalayo ali kuti. Apo m'pamene anati ndi apongozi anga, ali ku Chitipa.

Yankho linafika tsiku lomwelo, limodzi ndi funso lija lakale, lakuti kodi anadwalapo kamwazi. Nyamtambo anayankha m'malo mwanga, ulendo uno osandifunsa. Madokotala anandiyambitsa mankhwala amphamvu a m'dilipu, amene ankasiya m'kamwa mukumveka ngati ndatafuna chitsulo. Anandifotokozera kuti tizilombo ta kamwazi kaja tinakwera n'kukakhazikika pachiwindi. Ambiri amachira ndi mankhwala okha, koma changa chinali chachikulu ndiponso chinali pafupi kuphulika. Anati kutentha thupi kukapanda kutsika, ndiyenera kupita ku Blantyre kuti akachipope ndi singano, makina akuwaonetsa njira. Masiku anapita, thupi linkatenthabe.

Apa m'pamene ndinavuta kwambiri. Imfa ndinkaiopa, sindinama. Koma ndikaganiza zogona chagada, malaya atavulidwa, mkamwana wanga ataimirira pamenepo dzanja lake lili pamimba panga, ndinkaona kuti bola imfayo. Sindinkadziganizira ndekha ayi. Ndinkaganizanso za iye, mwana woleredwa bwino, kuti pambuyo pake adzalowa bwanji pakhomo panga. Nyamtambo anandikalipira monga sanandikalipirepo chikwatiranire. Anati mwambo unaikidwa kuti anthu azilemekezana, osati kuti akazi a eni azisanduka amasiye. Koma ine kusuntha sindinasunthe.

Amene anandimasula ndi Wongani. Anaimba foni nati ndisade nkhawa, chifukwa mphunzitsi uja anamuchotsa kale Nyakayira pa nkhani yanga. Kumeneko salola kuti dokotala agwire m'bale wake, akuti mtima umalowerera ndipo dzanja limanjenjemera. Ndinamuuza kuti abwereze. Kani nawonso ali ndi mwambo wa mkamwana! Ndinauza Nyamtambo kuti anthu amenewa ndi olongosoka, tiyeni tizipita.

Kalata inalembedwa, ndipo Wongani anabwera ndi galimoto yobwereka kwa mnzake. Ulendo wochoka ku Chitipa kupita ku Blantyre ndi wautali ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Tinatsikira ku Karonga, tinagona ku Mzuzu, m'mawa mwake n'kupitiriza. Ndinadutsa dziko lonse la Malawi osaliona, ndikungoyang'ana denga la galimoto, mutu uli pamiyendo pa Nyamtambo. Iwo ankandinyowetsa milomo ndi madzi, n'kumanditchulira dzina la malo aliwonse amene tinkadutsa, ngakhale sindinawafunse.

Chipatala chimenecho ndi mudzi pachokha. Makonde ake ndi aatali, ndipo aliyense amayenda mofulumira kupatula odwala. Tsiku limayamba kusanache, anesi akudzutsa anthu kuti awayeze kutentha kwa thupi. Kenako okolopa amatulutsa magadiyani onse panja. Dzuwa likakwera madokotala amabwera gulu, wamkulu patsogolo, ophunzira pambuyo, n'kuzungulira bedi lako n'kumakambirana za iwe m'Chingerezi. Poyamba zinkandikwiyitsa, ndinkadziona ngati ng'ombe ya pamsika. Koma ndinadzazindikira kuti wamkuluyo akafunsa, wophunzira n'kulakwa, wamkuluyo n'kumukonza, wopindula ndine, chifukwa chilichonse chinkayang'anidwa kawiri.

Nyamtambo Chichewa amangodziwa cha moni ndi cha pamsika, koma anapeza amayi a ku Rumphi kumalo ophikira magadiyani, ndipo pofika madzulo anali atadziwa kale matenda a wodi yonse. Pabedi loyandikana ndi langa panali bambo wina wa ku Mulanje amene ankaseka kalankhulidwe kanga, akuti Chichewa changa chimayenda mokwera phiri. Iyeyo chotupa chake chinalidi khansa, ndipo anafika nacho mochedwa. Ankandiuza kuti inu achimwene muli ndi mwayi, matenda anu ali ndi khomo lotulukira. Nyakayira ankabweretsa phala m'mawa uliwonse asanayambe ntchito, ndipo atamva za mnzangayo anayamba kubweretsa la anthu awiri. Ankafika pakhomo la wodi, n'kupereka kwa apongozi ake aakazi, n'kubwerera. Ine ndinkangoona m'mphepete mwa gauni yake yoyera.

Anandijambulanso ndi makina aakulu, aja amakulowetsa m'chibowo utagona pathebulo, kuti atsimikize za chotupacho komanso aone podutsa singano. Tinadikira ndithu, chifukwa mzere unali wautali ndipo a ngozi amalowa patsogolo. Kudikira kuchipatala ndi ntchito payokha. Umakhala pabenchi osadya, buku lako lili m'manja, n'kumamvetsera dzina lililonse loitanidwa ngati kuti likhoza kusanduka lako. Anesi a kumeneko anandiuza kuti makina alipo, koma maso owerenga zithunzi ndi amene ali ochepa, n'chifukwa chake akuphunzitsa ena.

Tsiku lopopa linali Lachinayi m'mawa. Ndinadzuka thupi litatentha kuposa masiku onse, ndipo pamene ankandikankha panjinga ya odwala mutu wanga sunali bwino. M'chipindamo munali kamdima. Munali mphunzitsi uja, anesi, ndi dokotala wina wophunzira, mnyamata wamtali amene ndiye ankayenera kugwira singano. Mphunzitsiyo anandifotokozera modekha. "Bambo, chiwindi chimayenda mukamapuma. Tikanena kuti gwirani mpweya, mugwire, osasuntha, mpaka tinene kuti pumani. Mukapuma singano ili panjira, ikhoza kubaya pena." Ndinavomera. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, nati tiyeserere kaye popanda singano.

Zinakanika. Chichewa ndinachiphunzira kusukulu, ndipo ndakhala ndikulankhula ndi alangizi, aphunzitsi ndi apolisi moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo chinandithawa. Mawu akabwera mwachangu ankandifika mochedwa, ndikamati ndigwire mpweya nthawi inali itadutsa kale. Mantha anandigwira. Anayesa kangapo. Anesi anati aitane Wongani adzamasulire, koma mphunzitsiyo anati wongobwereza mawu adzachedwa nayenso, pakufunika munthu woti aone yekha pakanema n'kulankhula pomwepo. Kenako anawerama pafupi ndi khutu langa, nalankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. "Bambo, pano tili naye mmodzi yekha wodziwa makinawa komanso chilankhulo chanu. Singano sagwira. Za mwambo wanu ndinauzidwa, ndipo sindikukakamizani. Koma chotupachi sichidikira sabata ina."

Ndinagona pamenepo malaya atavulidwa, mimba ili pamtunda, ndendende monga ndinkaopera. Ndinaganiza za mkulu wanga, amene analibe wina woti n'kumuitanira. Ndinaganiza za Nyamtambo ali pabenchi panja, m'dziko la eni, akudikira. Ndinati muitaneni.

Sanachedwe. Ndikukhulupirira kuti anali pakhomo pomwepo nthawi yonseyo. Sanabwere kutsogolo kwanga. Anazungulira n'kukaima kumutu kwa bedi, kumene ine sindikanatha kumuona koma iye n'kumaona kanema. Anesi anandifunditsa nsalu pachifuwa. Kenako ndinamva mawu otsitsa pamwamba panga, m'Chitumbuka cha kwathu. "Adada, ndine. Mungopanga yayi." Kunali kundiuza kuti ndisaope. Chilowereni m'banja mwathu, aka kanali koyamba kuti alankhule kwa ine mwini, popanda wodutsamo. Mantha aja anatha. Akati thutani, ndinkapuma. Akati lekani, ndinkasiya. Ndinamva kukankha pansi pa nthiti, osati kupweteka kwenikweni, iye n'kumandilimbikitsa monga amachitira mwana wophunzira kuyenda. Kenako mnyamata wamtali uja anati talowa.

Zimene zinatuluka sindifotokoza zambiri, pakuti ena mukuwerenga mukudya. Anali mafinya ofiirira, ambiri kuposa mmene ndinkaganizira kuti thupi la munthu lingasunge. Mphunzitsiyo atawaona anati, "Mwana wanu anaona bwino." Misozi inanditsikira m'makutu popeza ndinali chagada. Dzanja linachokera kumutu kuja n'kuipukuta ndi kansalu. Pamene ankayatsa magetsi Nyakayira anali atatuluka kale.

Anandisiyira kapaipi m'mbali, kolumikiza kuthumba, kuti zotsala zizituluka. Tsiku lotsatira thupi linazizira koyamba chiyambire Meyi. Posakhalitsa ndinapempha ndekha chakudya, ndipo Nyamtambo anathamanga nayo nkhaniyo mpaka kwa anzawo a ku Rumphi aja. Zotsatira za zoyeza zinabwera, khansa panalibe. Kapaipi kanachotsedwa patapita sabata. Ananditulutsa kumapeto kwa Julayi ndi mapilitsi oti ndimalize, ena opha tizilombo totsala m'matumbo, komanso malangizo oti madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira mankhwala. Mnzanga wa ku Mulanje ndinamusiya pabedi lake. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati ndikapereke moni kwa ng'ombe zanga.

Tinakhala kwa Wongani milungu ingapo kudikira sikani yomaliza. M'nyumbamo zinthu zinabwerera mwakale. Nyakayira akaweruka ankamanga chitenje, n'kugwada pakhomo la khitchini kufunsa apongozi ake aakazi kuti adada aswera bwanji. Za m'chipinda chija sanazitchulepo, inenso sindinazitchule. Akamaliza za pakhomo ankakhala pathebulo ndi mabuku aakulu odzaza zithunzi za mafupa ndi mapapo, mayeso ali pafupi, maso ali ofiira. Ndinkafunitsitsa kumuthokoza, koma mawu otere ukawatumiza kudzera mwa wina amafika atazizira.

Sikani yomaliza anandijambula ndi mnyamata wamtali uja, mphunzitsi ataima pambali pake. Ndinapempha kuti anditembenuzire kanemayo ndione nanenso. Anandilozera kuti apa ndi chiwindi, apa ndi pamene panali chotupa, onani mmene chaphwera. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Ndinkangoona ngati mitambo ya mvula. Ndinadabwa kuti munthu angayang'ane zimenezi, zotumizidwa pafoni kuchokera kumalire a dziko, n'kusiyanitsa imfa ndi mafinya. Mphunzitsiyo anaseka nati nawonso chaka choyamba amaona mitambo yomweyo. Potuluka ndinauza Nyamtambo kuti mawu aja a wojambula paukwati ndawabweza.

Tinabwerera ku Wenya mu Seputembala. Anthu anabwera ambiri kudzandiona, ena akuoneka kuti anali atakonzekera nyimbo zina. Miyendo inatenga nthawi kuti ilimbe. Ndinayamba ndi kuzungulira nyumba, kenako kufika kukhola, kenako kutchalitchi ndi ndodo. Mvula yoyamba itagwa ndodo ndinali nditaisiya. Lero ndili bwino. Thupi linabwerera, chaka chino ndalima chimanga ndi nyemba monga kale, kumanja ndimagonera, ndipo pamene panalowa singano pangotsala kachipsera kakang'ono koti uchite kufunafuna.

Pa Khirisimasi anabwera kumudzi ndi mwamuna wake. Abale anali atasonkhana pabwalo, kuphatikizapo aja ankang'ung'udza za sukulu yake. Iye anagwada kutali monga mwa nthawi zonse, nkhope kumbali, nayamba kupereka moni kudzera mwa Nyamtambo. Sindinadikire kuti mawuwo azungulire. Ndinati, "Nyakayira, mwana wanga, ndili moyo chifukwa cha inu. Yewo chomene." Mng'ono wanga anatsokomola. Iye, mutu uli pansi, anayankha, kwa ine mwini, "Adada, madzi mukuwiritsa?" Ndinati tikuwiritsa. Nyamtambo anati ndikunama, ndikapita kumunda ndimamwa a mumtsinje. Anthu anaseka, ine ndinali ndikupukuta m'maso. Mwambo sitinautaye. Kumaso sandiyang'anabe, dzina langa satchula, ndipo zimenezo ndimazilemekeza. Koma za thupi langa tsopano ndimamuuza ndekha, ndi pakamwa panga.

Kwa anzanga, makamaka abambo a msinkhu wangawu, ndili ndi mawu ochepa. Thupi likamatentha kupitirira sabata, malungo osapezeka, kumeneko si kutopa. Bwererani kuchipatala. Dokotala akakufunsani za kuchimbudzi muyankheni zoona, ngakhale akhale wamng'ono ngati mdzukulu wanu. Ine ndikanayankha zoona mu Meyi, mwina mapilitsi okha akanakwana, ku Blantyre sindikanafikako. Akakuuzani kuti pali chotupa musathamangire kukagawa ng'ombe, chifukwa si chotupa chilichonse chili khansa, ndipo tsopano m'dziko mwathu muno muli ana athu amene akuphunzira kusiyanitsa. Ophunzira akazungulira bedi lanu aloleni aphunzire, mwina mmodzi wa iwo adzabwera kudzagwira ntchito kwathu kuno.

Ndipo ngati m'banja mwanu muli mwana wodziwa za matenda, muuzeni msanga, ngakhale akhale mkamwana. Ine ndinkati pobisa ndikumulemekeza. Manyazi amene ndinkawaopa anatha m'chipinda chija singano isanatuluke n'komwe. Ndikanafa nawo, mwana ameneyu akanasenza katunduyo moyo wake wonse, akudziwa kuti apongozi ake anamwalira ndi chinthu chimene iye akanachiona tsiku limodzi, akanangomuuza.